Njinga yanga ikutentha kwambiri, kodi ndizingoithira madzi?

Funsoli lachokera kwa mbale wathu wina wa kabaza wa ku Area 25. Njinga yake ndi ya 150, ya injini yoziziritsidwa ndi mphepo, ndipo wayenda nayo chaka ndi theka. Akuti chiyambireni kutentha kwa Okutobala, akanyamula munthu pa Nsungwi kupita m'tauni, pofika cha ku Area 18 njinga imakhala itafooka, injini ikumveka tiki-tiki akawonjezera moto, ndipo nthawi zina imazima yokha akaima pa mzere wa magalimoto. Amayenda ndi botolo la madzi, ikatentha amathira pa injini. Anzake pa siteji ena akuti achotse sefa ya mpweya kuti njinga izipuma bwino, ena akuti akaikitse rediyeta. Akufuna adziwe cholondola.

Achimwene, botolo ilo muzimwa nokha madziwo, pa injini musathirenso kuyambira lero. Sefa ya mpweya isachoke. Za rediyeta iwalani, chifukwa injini yanu ilibe njira zodutsamo madzi mkati mwake, ndiye palibe poilumikiza. Koma chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi: dzuwa la Okutobala silinadwalitse njinga yanu, langoulula matenda amene analimo kale. Injini zambiri za njinga za kabaza mumzinda muno zinatengera kapangidwe ka Honda CG125 ya m'chaka cha 1975, imene anaipangira dala mayiko otentha, a misewu ya fumbi, kumene njinga imanyamula katundu wopitirira muyeso. Boxer ndi TVS zimachokera ku India, kumene nyengo yotentha imapitirira madigiri 40. Kuno ku Lilongwe tikafika madigiri 32 kapena 33 timati kwaotcha. Njinga yabwinobwino siyenera kufooka ndi kutentha kotere.

Petulo akayaka mu silinda, gawo lochepa chabe, losafika ngakhale theka, ndi limene limayendetsa tayala. Lotsalalo limasanduka kutentha, ndipo liyenera kupeza potulukira. Lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi. Lina limatuluka pa zipsepse za chitsulo zimene mumaziona kuzungulira silinda ndi hedi (mutu wa injini wokhala pamwamba pa silinda), mphepo ikamawomba pamenepo njinga ikuyenda. Lina limanyamulidwa ndi oyilo kuchoka kumtunda kupita pansi pa injini. Ngakhale petulo yemwe amene akulowa amaziziritsa pisitoni ndi mavavu asanayake. Njira imodzi mwa izi ikatsekeka, zotsalazo zimalemedwa, ndipo nyengo yozizira ya Juni mwina simungadziwe. Okutobala akafika, zonse zimaonekera poyera.

Madzi ozizira pa injini yotentha amachita zimene amachita pa tambula ya galasi imene munali tiyi wotentha. Kunja kumazizira mwadzidzidzi n'kukhwinyata, pamene mkati mukadali moto. Silinda imafinya pisitoni imene ikadali yofufuma ndi kutentha. Hedi, imene ndi ya aluminiyamu, imapindika pang'onopang'ono mpaka gasiketi kuyamba kudontha, ndipo ina imachita mng'alu pakati pa bowo la pulagi ndi pokhala vavu. Mungafunse kuti nanga mvula ija imatinyowetsa panjira bwanji siiwononga. Mvula imagwa madontho, pa injini imene mphepo ikuiziziritsa kale. Botolo lathunthu pa injini yoima, yotentha kupitirira muyeso, ndi nkhani ina. Ikakutenthelani panjira, patukani, imani pa mthunzi, zimitsani, mudikire mphindi 15 kapena 20. Musaisiye ikulira poganiza kuti ikuzizira. Injini ya mphepo ikaima ikulira imangowonjezera kutentha, popeza palibe choikupiza.

Tsopano tiyeni ku oyilo, chifukwa njinga zambiri zimene zimabwera ku galaja zitanoka zinafera pamenepa. Injini yanu imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Lita imodzi yomweyo ikutumikira pisitoni, mavavu, magiya ndi kilatchi, ndipo ikunyamulanso kutentha. Ikachepa ndi kotala, wotsalayo amazungulira mwachangu osapeza mpata wozizira, amasungunuka n'kukhala ngati madzi, kenako amayamba kupsa n'kutha msanga kuposa kale. Oyilo amagwira bwino ntchito pa madigiri 80 mpaka 110. Akamapitirira 130 kawirikawiri, oyilo wamba amaonongeka msanga. Ndiye m'mawa uliwonse musanapite pa siteji, imikani njinga chilili pa sitandi yapakati, pamalo osapendekeka, tulutsani kandodo koyezera, pukutani, bwezerani. Pa injini za mtundu wa CG kandodoko mumangokakhazika osakamanga, mukakamanga kakunamizani kuti oyilo alimo wambiri. Njinga zina zili ndi kagalasi m'mbali, pamenepo n'zosavuta.

Mtundu wa oyilo nawonso uli ndi nkhani. Gulani wa njinga zamoto, wolembedwa 4T, 20W-50, ndipo pa botolo pakhale mawu akuti JASO MA kapena MA2. Mawu amenewo akutanthauza kuti oyiloyo ndi woyenera kilatchi imene imasambira mu oyilo momwemo. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri amene amachititsa kilatchi kutsetsereka, ndipo kilatchi yotsetsereka imatenthetsa oyilo yense. Amene amandiwawa mtima ndi uja wogulitsidwa m'mabotolo a madzi akumwa m'mbali mwa msewu, wopanda dzina, wopanda chidindo. Wina mwa ameneyo anakhetsedwa m'galimoto n'kusefedwa pa nsalu. Ndikudziwa kuti ndalama ya kabaza ndi yowerengeka, bwana mwini njinga akudikira yake madzulo, kunyumba akudikira ya ndiwo. Komabe kusiyana kwa mtengo wa oyilo wabwino ndi wa m'botolo lija sikufika ngakhale pa mtengo wa maring'i okha, osanena za pisitoni, silinda, gasiketi, ndalama ya makaniko ndi masiku amene njinga ikhale pansi.

Mabuku a njinga zimenezi amanena makilomita ochulukirapo, koma pa ntchito ya kabaza, m'fumbi la ku Mtandire, Chinsapo kapena Area 36, ine ndimalangiza kusintha oyilo pa makilomita 1,000 mpaka 1,500. Munthu woyenda makilomita 100 pa tsiku ndiye kuti pa masabata awiri aliwonse. Posintha, uzani makaniko atulutse kasefa ka waya kamene kamakhala pansi pa injini kumbuyo kwa chotsekera chachikulu chokhala ndi sipuling'i, akatsuke m'petulo. Ambiri amangokhetsa oyilo n'kuthira wina. Mkati mwa chivundikiro cha kumanja, mbali ya kilatchi, mulinso kachitini kozungulira kamene kamakola zinyalala za mu oyilo. Mukakatsegula pa njinga imene yayenda chaka ndi theka osakakhudza, mumapeza phala lakuda, louma, lomata kuzungulira mkati monse, loti kulichotsa mpaka kupala ndi sikuludiraiva. Kachitiniko kakadzaza, zinyalala zimapitirira kukatseka tinjira topita ku hedi. Makaniko wodziwa amamasula chivundikiro cha mavavu pang'ono, injini ikulira, kuti aone ndi maso ake kuti oyilo akufika pamwamba.

Ngati oyilo ali bwino, ndimathamangira ku kabuleta, ndipo pa zimene mwafotokozazi ndikukayikira pamenepa kwambiri. Petulo atakwera mtengo, anyamata ambiri anapita kwa amakaniko kukapempha kuti awachepetsere mafuta. Makaniko amatsitsa singano ya kabuleta, kapena kuika jeti (kachitsulo ka bowo lodutsa petulo) yaing'ono, kapena kupotoza kasikuluu mpaka njinga ikungotsala pang'ono kuzima. Pa tsiku mumapulumutsadi kapu ya petulo. Koma mpweya ukachuluka petulo n'kuchepa, moto wa mu silinda umatentha kwambiri, ndipo kuziziritsa kuja kumene petulo amachita pa pisitoni ndi mavavu kumachepa. Kuchotsa sefa ya mpweya, monga akukuuzani anzanuwo, kumachita zomwezo, n'kuwonjezerapo fumbi limene limapala silinda ndi maring'i. Kuboola ekizozi kapena kuchotsa za mkati mwake kuti njinga izilira mokweza nakonso kumasokoneza muyeso womwewo.

Pulagi ndiyo mboni yosanama. Yendani ulendo wanu wa masiku onse, injini ikazizira masulani pulagi muone kumutu kwake, pa kadothi koyera kozungulira waya wapakati. Kakakhala kofiirira, muyeso uli bwino. Kakakhala kakuda ndi mwaye, petulo wachuluka kapena sefa yatsekeka. Kakakhala koyera mbee, mwina ndi timatuza kapena timadontho tonyezimira, injini ikupsa, ndipo timadontho timeneto nthawi zina ndi aluminiyamu wosungunuka kuchokera pamwamba pa pisitoni. Mukaona zotere musanyamulenso munthu mpaka ikonzedwe. Onaninso nambala ya pulagiyo. Injini zambiri za mtundu wa CG zimafuna NGK D8EA kapena yofanana nayo. Pa NGK, nambala ikatsika, monga 6 kapena 7, pulagi imasunga kutentha kwambiri, ndipo m'malo a 8 ikhoza kumayatsa petulo nthawi isanakwane. Anthu amaika pulagi iliyonse imene yalowa pa bowo, osayang'ana nambala.

Mpweya umathanso kulowa mwakuba. Pakati pa kabuleta ndi hedi pali mphira kapena kachitsulo kokhala ndi gasiketi. Mphirawo ukakalamba umang'ambika ming'alu yosaoneka bwino, injini n'kumakoka mpweya wosadutsa m'kabuleta. Chizindikiro chake, mukabweza moto injini imachedwa kutsika, kapena imalira mokwera ndi kutsika yokha. Jeti yotsekeka pang'ono ndi zinyalala imachitanso chimodzimodzi, ndipo izi zimachuluka nthawi imene mafuta asowa, anthu n'kumagula wa m'zigubu. Petulo wa m'zigubu amabwera ndi dothi, madzi, ndipo wina amasakanizidwa ndi palafini. Palafini amagogodetsa injini ndi kuitenthetsa, amatsikiranso mu oyilo n'kumusungunula. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, chiyambire 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ethanol payekha si vuto, koma amafuna kuti mafuta azilowa ochulukirapo pang'ono, ndiye kabuleta imene yafinyidwa kale imavutika kawiri. Ndipo kwa inu amene nthawi zina mumapeza hayala ya ku Salima: Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene ku nyanja n'kotsika ndi theka. Kumeneko mpweya ndi wochindikala, kunja n'kotentha, ndiye njinga imene kuno ikungopirira movutikira imakathera kumeneko.

Tiki-tiki amene mukumva mukawonjezera moto ali ndi tanthauzo. Petulo amayenera kuyaka mwadongosolo kuchokera pa pulagi. Mu silinda mukatentha kwambiri, wina amaphulika yekha m'mbali, n'kumenya pisitoni. Kuchepa kwa petulo, mafuta oipa, pulagi yolakwika, mwaye wouma umene waunjikana pa pisitoni, CDI (kabokosi kotumiza moto ku pulagi) yogula imene amati ya liwiro, zonsezi zimabweretsa phokosolo. Kayendetsedwe nakonso. Ambiri akanyamula munthu wolemera amakwera chitunda ali m'giya 4 kapena 5, moto atatsegula wonse, injini ikubuula pansipansi, poganiza kuti akusunga mafuta. Pamenepo m'pamene injini imatentha koposa, pampu ya oyilo ikuzungulira pang'onopang'ono, njinga ikuyenda mochedwa moti mphepo palibe. Tsitsani giya, injini izungulire momasuka. Mukamva tiki-tiki, bwezani moto nthawi yomweyo.

Kuzima kuja pa mzere wa magalimoto, ngati kumatsagana ndi kuvuta kulira ikatentha koma m'mawa n'kulira kamodzi, kukundilozera ku mavavu. Pakati pa vavu ndi choikankha pamayenera kutsala kampata kakang'ono, pa injini za CG ndi mamilimita 0.08 injini ili yozizira, njinga zina onani m'buku lake. Chitsulo chikatentha chimatalika n'kudya kampatako. Kakasowa, vavu siitseka bwino, mphamvu imathawa, ndipo vavu ya ku ekizozi, imene imataya kutentha kwake pokhapokha ikakhala pansi n'kugunda hedi, imayamba kupsa m'mphepete. Pali amakaniko amene amamanga matapeti, timasikuluu tosinthira kampatako, ndi khutu, mpaka phokoso lithe, kasitomala n'kupita akusangalala kuti injini yakhala chete. Injini imeneyi imayenera kumveka pang'ono. Onetsetsani kuti makaniko watulutsa timalata toyezera kampatako, ndipo achite m'mawa injini isanalire.

Zipsepse ziyang'aneni ndi maso anu. Matope a dzinja lapita amauma pakati pake, makamaka kutsogolo kumene tayala limaponyera ndi pansi pa thanki kuzungulira pulagi. Ngati gasiketi ikudontha, oyilo ndi fumbi zimapanga chikhungwa chimene chimatsekera kutentha mkati. Tsukani injini ili yozizira, ndi kaburashi, palafini pang'ono, kenako sopo ndi madzi. Zipsepse zothyoka pa ngozi sizibwerera, zikachuluka silinda kapena hediyo ndi yosintha. Ndimaonanso njinga zambiri zomangidwa lamba wa tayala, pulasitiki kapena chikwangwani pa zitsulo zotchinga miyendo, kuti nsapato za kasitomala zisade. Nsapato zimayeradi, koma mwatseka mphepo yonse yopita ku injini. Chikwama kapena chigubu chopachikidwa pamenepo n'chimodzimodzi.

Kenako ikani njinga pa sitandi yapakati muzungulitse matayala ndi dzanja. Buleki yogwira, tcheni cholimba kwambiri kapena chouma, mabering'i otha, tayala lopanda mpweya wokwanira, zonsezi injini imazikoka tsiku lonse. Mukaima, yandikizani dzanja pa dilamu ya kumbuyo, ikakhala yotentha pamene simunaponde buleki kwambiri ndiye kuti ikugwira. Za katundu sindinena zambiri, mukuzidziwa. Anthu awiri ndi thumba la chimanga pa njinga ya 150 ndi ntchito yoposa mphamvu yake, ndipo ndi moyo wa anthu umene uli pamenepo. Pa mzere wa pa mlatho wa Lilongwe kapena mu Malangalanga madzulo, mukaona kuti muima kupitirira mphindi ziwiri, zimitsani. Pa mzere wa mafuta ikankheni ndi manja.

Chimene anzanu akuchitcha rediyeta mwina ndi kaja koziziritsira oyilo kamene njinga zina zimabwera nako kutsogolo kwa injini. Kameneko kamathandiza pa njinga imene inapangidwa nako. Koika pambuyo, ndi mapaipi ongolumikiza, kamatha kuchepetsa mphamvu ya oyilo wopita ku hedi, ndipo paipi ikaphulika panjira lita yanu imodzi ija imatha musanazindikire. Sindingakulangizeni kuwononga ndalama pamenepo musanakonze zimene ndatchulazi.

Alipo owerenga ena amene ali ndi njinga zazikulu zoziziritsidwa ndi madzi, ndipo kwa iwo nkhani imasintha pang'ono. Mu rediyeta simuyenera kulowa madzi a pa mjigo kapena a pa mpope okha. Amasiya miyala yoyera m'tinjira ta rediyeta n'kudya aluminiyamu, komanso pamtunda ngati wa Lilongwe madzi osatsekeredwa amawira asanafike madigiri 100, cha pa 96 kapena 97. Thirani coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini, wosakaniza kale, kapena theka coolant theka madzi a batire osakhala asidi, ndipo musinthe pa zaka ziwiri. Chivundikiro cha rediyeta, chimene pa njinga zambiri chimalembedwa 1.1, chimasunga mphamvu mkati kuti madziwo asawire mpaka apitirire madigiri 120. Mphira wake ukatha njinga imalavula madzi ngakhale zina zonse zili bwino, ndipo anthu amaphwasula injini pamene vuto linali kachivundikiro. Osachitsegula injini ili yotentha, nthunzi yake imasupula khungu la kumaso ndi manja. Fani iyenera kuyamba yokha cha pa madigiri 100 mukaima. Ikapanda kutero onani fyuzi, kenako switchi yake, musanaweruze fani yeniyeniyo. Njinga yotentha pa mzere koma yozizira pa msewu waukulu, kawirikawiri ndi fani. Yotentha pa liwiro, ganizani za rediyeta yotsekeka, thermostat (kavavu kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha) yokanirira kapena pampu ya madzi. Thermostat yofa isinthidwe, osangoichotsa monga amachitira ena. Oyilo akasanduka wotuwa ngati wathiridwa mkaka, kapena m'kathanki ka madzi mukamatuluka thovu injini ikulira, madzi ndi oyilo kapena utsi zakumana, kaya pa gasiketi ya hedi kaya pa silo ya pampu, ndipo njingayo isayende. Coolant ndi poizoni, amakomanso motsekemera, ndiye musamusunge m'botolo la zakumwa pamene ana kapena agalu angamupeze. A Yamaha DT ndi njinga zina za two-stroke (zowotcha oyilo pamodzi ndi petulo), zimene alangizi ambiri amayendera kumidzi, iwo asaiwale kathanki ka oyilo wa 2T ndi pampu yake, kakauma pisitoni imagwira pa mphindi zochepa.

Kubwerera kwa inu achimwene a ku Area 25, popeza mwakhala mukuthira madzi kwa kanthawi, ndikufuna muone ngati sipanaonongeke kale. Yang'anani polumikizana hedi ndi silinda ngati pali oyilo wakuda kapena kaphokoso ka mpweya wothawa. Onani ngati ku ekizozi kukutuluka utsi wabuluu, ndiponso ngati oyilo akuchepa pakati pa masiku ochepa. Pondani kiki pang'onopang'ono ndi phazi injini ili yozima, iyenera kulimba penapake, ikamangotsika mopepuka ndiye kuti mphamvu ikuthawa pa maring'i kapena mavavu. Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, mwapulumuka, ndipo ntchito yotsala ndi ya m'mawa umodzi: oyilo watsopano ndi masefa ake onse, matapeti pa muyeso, kabuleta yotsukidwa n'kubwezeredwa jeti ndi singano mmene inabwerera, mphira wa kabuleta, pulagi yoyenera, sefa ya mpweya yoyera. Pakatha masiku awiri masulaninso pulagi muone mtundu wake.

Ngati tsiku lina muli pa liwiro injini n'kuyamba kulemera mwadzidzidzi ngati wina wakugwirani kumbuyo, imeneyo ndi pisitoni ikufuna kugwira. Kokani kilatchi msangamsanga kuti tayala la kumbuyo lisakanirire n'kukugwetsani inu ndi kasitomala, bwezani moto, patukani mukutsetsereka. Ikazizira ikhoza kuliranso, koma mkati imakhala itakalika kale, ndiye muikankhe kapena muyende nayo pang'onopang'ono, nokha, mpaka kwa makaniko akatsegule silinda.